Mwaye wa M'mphepete mwa Pisitoni

Uthenga unabwera ndi munthu wa njinga amene ankakagulitsa mchere ndi sopo kutsidya kwa malire. Anaima pampanda, phazi limodzi pansi lina pa pedulo, n'kundiuza kuti achemwali anga miyendo yatupa, sakuyendanso, ndipo chipatala cha kufupi ndi kwawo chatsala makoma okha. Iwo sanamutume. Achemwali anga sakanatuma munthu ngakhale nyumba ikanawapsera. Munthuyo anangowapeza atagona pakhonde, zinamukhudza, n'kufunsa ngati ali ndi m'bale ku Mulanje kuno.

M'baleyo ndinali ine, panalibenso wina. Amayi athu anamwalira ine ndikukwawa, moti pamene bambo ankathawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, amene anandibereka powoloka mtsinje anali achemwaliwo, iwonso ali kamtsikana. Anandilera ndi chinangwa ndi makofi, zonse ziwiri osaumira. Atakula anakwatiwa ndi munthu wa kutsidya konko n'kubwerera naye. Pa nthawi imene ndikunenayi amuna awo anali atamwalira, iwo atatsala ndi mwana wawo wamkazi ndi tizidzukulu. Mwini mbumba ndinali ine, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinayenera kukawatenga, kudzawagoneka m'chipatala cha pa Boma.

Basi inkathera pa Muloza. Kupitirira pamenepo unali msewu wa fumbi, wokwera ndi kutsika, ndipo munthu wosayenda sungamukweze pa njinga ulendo wotero. Koma ine ndinali ndi galimoto. Ndinkayendetsa lole pa esiteti ya tiyi, ndipo pikapu yakale imene inatayidwa kuseri kwa galaja ndinaigula n'kuidzutsa ndi manja angawa. Anthu a m'mudzi ankaiseka, koma pa maliro ndi pa ukwati ankaikumbukira.

Masiku amenewo pikapuyo inkadwala. Pokwera chitunda inkalira ngati wina akugwedeza misomali m'chitini, mphamvu n'kuithera, madzi n'kuwira. Ukaizimitsa sinkazima. Kiyi ali m'thumba, iyo ikugugudabe n'kumanjenjemera, mpaka ana ankati ili ndi mizimu. Mizimu yake inali mwaye. Petulo akamapsa zaka ndi zaka amasiya mwaye wouma gwa, umene ku galaja timati kaboni, pamwamba pa mapisitoni amene amakwera ndi kutsika m'mabowo a injini, kunsi kwa hedi imene imawavundikira, ndi m'njira zimene mpweya umalowera. Ukachuluka umatsamwitsa injini, ndipo ukatentha umafiira ngati khala n'kumayatsa petulo nthawi yake isanakwane.

Akazi anga ankafuna tinyamuke m'mawa mwake. Iwo ndi achemwali ankakondana kwambiri. Ana athu oyamba anabadwira m'manja mwa achemwali, ndipo awiriwo akakhala pamodzi ntchito yawo inali kundijeda mu Chilomwe ine ndili pomwepo. Ndinawauza kuti kuthamanga sikufika. Galimoto yolephera chitunda cha ku Likhubula ilibe katundu, ingakwere bwanji za kutsidya itanyamula wodwala? Ntchitoyo inali ya Loweruka ndi Lamulungu basi, ndipo gasiketi yatsopano yoyala pansi pa hedi ndinali nayo kale pamwamba pa kabati. Sanatsutse. Anangoti ndiye ndiyambe msanga.

Ndinaikankhira pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinakhetsa madzi, kuchotsa kabureta ndi mapaipi ake, kumasula mabawuti, n'kunyamula hedi. Zimene ndinaona zinandichititsa manyazi, ngati mlendo wasuzumira kuchipinda kosasesa. Mwaye unali wokhuthala, wina wakuda wina wotuwa, wong'ambikang'ambika ngati matope a m'dambo mu Okutobala. M'paipi yolowetsa mpweya munali phula lomata, njira itachepa moti chala sichinkalowa bwino. Paipiyo ndinaiviika m'beseni la palafini, kenako ndinkakoka nsanza yomangirira ku waya kuchokera mbali ina kutulukira ina, ikutuluka yakuda bii. Mavavu, tizitseko ta mpweya, ndinawatulutsa limodzilimodzi n'kuwabaya pa katoni motsatana, kuti lililonse lidzabwerere pa bowo lake.

Ntchito imeneyi ndi ya munthu wofatsa, ndipo ine ndimafatsa pa injini pokha, kwina konse ndine wapsiti. Umapala ndi kansungwi kosongola, osati chitsulo, kuopa kukanda. M'mabowo a madzi ndi a oyilo umatsekamo nsanza. M'mbali mwa pisitoni umapakamo girisi kuti tizinyenyeswa tizimatirira m'menemo, tisagwere pansi pomwe pali maringi, mphete zozungulira pisitoni. Ndipo injini ikakhala yokalamba ngati yangayo, supala ponse. Umasiya kamkombero ka mwaye kuzungulira m'mphepete mwa pisitoni, chifukwa maringi anatha kale, ndipo kamwaye ako ndi kamene kamatsekereza oyilo kuti asakwere pamwamba n'kumapsa. Amisiri akale onse ankazidziwa zimenezi. Sitinkazinena chifukwa panalibe wofunsa.

Akazi anga anabwera ndi lichero la nandolo kudzasenda pafupi. Atandiona ndikupera mavavu, kamtengo kali pakati pa zikhatho ndikukazunguza uku ndi uku, anaseka n'kunena kuti zaka zonsezi ndakhala ndikudzitama ndi umisiri pamene ntchito yake ndi kupekesa therere chabe. Ndinawapatsa kamtengoko kuti aone ngati n'zophweka. Anapekesa, ndipo kunena zoona dzanja lawo linali lopepuka. Vavu likakhala bwino limasintha kaliridwe, limasiya kukhwekhwereza, ndipo iwo anayamba kuzimva okha ndisanawauze. Tinatha masana onse choncho, iwo akupekesa ine ndikupala, nandolo ataiwalika, tikukambirana za chipinda chimene alamu awo adzagone akadzatuluka m'chipatala. Tinali titakwatirana kalekale, koma sindikumbukira tsiku lina limene tinaseka limodzi ngati limenelo.

Lamulungu dzuwa lisanapendeke kapitawo wa pa esiteti anafika. Mtsogoleri wa dziko ankabwera kudzayendera minda, ndipo malole onse a pa esiteti anafunika kukatuta amayi ovina, kuwapititsa kokonzekera kenako ku msonkhano, ife madalaivala tizigona komweko. Ndinali nditapala pisitoni imodzi yokha, hedi ili theka. Ndinayamba kunena za achemwali. Kapitawo anayang'ana pansi, kenako anayang'ana anyamata a chipani amene anaima pamsewu kumudikira. Masiku amenewo munthu sunkati ndili ndi wodwala. Mnzathu wina anayesapo kunena kuti lole yake yawonongeka, ndipo ana ake anakula iye kulibe. Ndinafunditsa injini ndi chiguduli, n'kusamba m'manja, n'kupita.

Za masiku amenewo sindikumbukira nyimbo ngakhale imodzi, chonsecho zinkaimbidwa kumbuyo kwanga kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tinkauzidwa kuti mawa ndiye tsiku lake, mawalo likafika n'kuti mkuja. Kangapo konse ndinadutsa pa mphambano ya kwathu nditadzaza amayi, denga langa ndikuliona, osaloledwa kuima. Sabata inatha, ina n'kuyamba. Ndinkaomba nawo m'manja n'kumamwetulira, ndili ndi mkwiyo umene ndinalibe pokautula.

Akazi anga sankatengedwa kokavina chifukwa mwendo wawo wamanzere ndi wopunduka chibadwire. Tsiku limene ndinabwerera ndinawapeza atakhala pa mpando pafupi ndi galimoto, atavala chitenje chochapa ngati akudikira alendo. Sanandilonjere n'komwe. Anangodzuka n'kuchotsa chiguduli chija.

Mapisitoni onse anali waliwali ngati mbale zatsopano. Hedi anaiyala pa mphasa, nayonso ikunyezimira mbali zonse. Mkombero wanga uja panalibe. Anandifotokozera mosangalala kuti ataona masiku akupita anaganiza zoichepetsa ntchito, kuti ndikafika ndingomanga tizinyamuka. Kansungwi kanga anati n'kaulesi, moti anatenga phulusa ndi mchenga wa kumtsinje n'kukwecha monga amakwechera mapoto. Pisitoni imene ndinapala ine anaibwereza, ati ndinasiya litsiro m'mbali ngati mwana wotsuka mbale akuthamangira kosewera. Mapisitoni amene anali pansi anapempha mnansi kuti apukuse handulo yolizira injini kuti akwere, akwecha, apukusanso.

Ndinalowetsa chala m'bowo limodzi ndipo chinatuluka ndi mchenga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nthawi iliyonse imene mnansi uja ankapukusa, mchengawo unkatsikira pakati pa maringi, kumene dzanja silifika. Mawu anandifika pakhosi, mawu oipa, ndipo ndinali nawo ambiri chifukwa ndinawasunga masiku onse aja. Kenako ndinaona manja awo. Zala zinali zong'ambika, zikhadabo zakuda zothyoka, chala china atachimanga ndi kansanza. Ankandiyang'ana kudikira kuti ndinene.

"Mwagwira ntchito, mayi," ndinatero. "Mwandipeputsira."

Anaseka n'kupita kukandiikira madzi osamba. Ine ndinakhala pa tayala. Ndinafunafuna munthu womukwiyira, ndipo amene ndinawapeza anali oti sungawatchule ngakhale uli wekha m'nyumba.

Njira yoyenera inali kutsitsa injini yonse, kuimasula chidutswachidutswa, kutsuka, n'kuika maringi atsopano. Koma maringi a galimoto yotero ankasowa ngakhale ku Limbe, ndipo masiku anali atatayika kale ambiri. Ndinachita zimene ndikanatha. Ndinathira palafini m'mabowo, kupukusa, kupukuta, kuthiranso, mpaka nsanza zikutuluka zoyera. Ndinakhetsa oyilo n'kuika wina. Ndinabwezera mavavu, kuyala gasiketi, kuika hedi, n'kumanga mabawuti kuyambira apakati kupita kunja. Itangolira inalira bwino kuposa kale lonse, popanda misomali ija, ndipo nditazimitsa inazima pomwepo. Akazi anga anaimba nthungululu mpaka anansi anatuluka. Nditailizanso ndinazungulira kumbuyo kukayang'ana paipi ya utsi, ndipo kautsi kabuluu kanali katayamba kale.

Tinanyamuka m'mamawa ndi matiresi kumbuyo, zigubu za madzi, ndi oyilo yense amene ndinamupeza. Pa malire asilikali a kutsidya anatiyang'ana nthawi yaitali. Mmodzi, wonditchula kamarada monga ankatchulirana kumeneko, anati tibwerere dzuwa lisanalowe chifukwa msewu wayamba kuipa, ndipo sankanena za maenje. Titalowa m'zitunda utsi unakula. Pakapita kanthawi injini inkayamba kudumphadumpha, ine n'kuima, kumasula mapulagi, kuwapukuta, kuwonjezera oyilo. Akazi anga anafunsa ngati utsi wotero ndi wabwino. Ndinati injini yongotsukidwa kumene imatero.

Achemwali tinawapeza pakhonde, monga ananenera wa njinga uja. Nkhope inali itachepa, miyendo itatupa mpaka khungu kunyezimira, koma pakamwa panali pomwe paja. Anati anaona utsi uli kutali n'kumayesa anyamata akutentha tchire kusaka mbewa, osadziwa kuti ndi mlongo wawo wolemera akubwera pa galimoto. Anandifunsa chifukwa chimene ndaondera, n'kuuza alamu awo kuti asamandimvere chisoni, azindimenya ndikakana kudya. Awiriwo anagwirana manja nthawi yaitali. Achemwali ataona zala zija anafunsa, ndipo akazi anga anafotokoza monyadira kuti nawonso tsopano ndi makaniko, galimotoyi yafika chifukwa cha iwo. Achemwali anati ankadziwa kale kuti m'nyumba mwanga mutu ndi ndani.

Poyamba anakana kupita, monga ndinkayembekezera. Anati mapira sanakolole, mbuzi ili ndi bere, zidzukulu zidya chiyani. Ndinawauza kuti iwo anandiwolotsa mtsinje osandifunsa, inenso sindinabwere kudzapempha. Anandinena kuti ndine wamwano, kenako anatuma mwana wawo kukatenga nsalu ya kutchalitchi. Tinawanyamula n'kuwagoneka pa matiresi, akazi anga atakhala pambali, dzanja lina litagwira mutu wa wodwala, lina ambulera.

Tinatsika bwino mpaka pa kamlatho. Pa chitunda chachikulu cha patsogolo pake injini inayamba kugogoda. Sinali misomali ija, kunali kugunda kwa pansi, kolemera, kumene dalaivala aliyense amakudziwa ndipo safuna kukumva. Ndinaika giya yoyamba ndikuyankhula nayo ngati munthu. Inakwera pang'ono, inakuwa kamodzi, n'kuima. Ndinatsika, ndinaika handulo, ndinaiponda ndi thupi lonse. Sinasunthe. Injini inali itanoka, zitsulo zitagwirana.

Ndinatsegula boneti ngakhale ndinkadziwa kuti mulibe choti ndikonze. Ndinamasula mapulagi, ndinawabwezera, ndinawamasulanso. Ndinkangofuna kuti nkhope yanga ikhale m'menemo. Kumalire kunali kutali, ulendo wa tsiku lonse kwa munthu wamphamvu wopanda katundu, pamene kumudzi kwa achemwali kunali pafupi, denga la tchalitchi likuonekabe. Anthu amene anasonkhana anati papita nthawi galimoto isanadutse pamenepo.

Achemwali anandiitana.

"Iwe, tasiya zitsulozo. Bwera kuno."

Ndinapita n'kuima pambali pa matiresi.

"Wayesa, ndaona. Ndibwezere kunyumba. Pamsewu pokha ayi, ndingachititse manyazi mbumba."

Ndinalonjeza kuti ndikapeza galimoto ina, ndibwera sabata isanathe. Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndili mwana ndikanama kuti ndasamba, koma anati chabwino, adzandidikira. Amuna a m'mudzi wapafupi anadula mitengo iwiri n'kumangapo bulangeti, ndipo tinawanyamula pa machira kubwerera kumene tinachokera. Ine ndinagwira kutsogolo. Ndinalira njira yonse, chifukwa amene ali kutsogolo palibe amamuona nkhope.

Pikapu tinaikankhira pansi pa mtengo wa mango, ndipo sindinaionenso. M'mawa mwake tinatsanzika. Achemwali sanafune zambiri, anangoti ndisamachedwe ndi nkhani dzuwa lingatipse, komanso kuti mwana wawoyo ndi wanga, ndizikumbukira. Ine ndi akazi anga tinauyamba wapansi, iwo akutsimphina ndi mwendo wawo uja osadandaula. Dzuwa lili pamutu tinakhala pamwala kuti apume, ndipo anafunsa osandiyang'ana.

"Abambo, kodi ndi kutsuka kwanga kuja?"

"Ayi. Inali yokalamba. Ikanafa ndithu."

Anagwedeza mutu, tinadzuka. Bodzalo ndinalinena mosavuta, ndipo mwina theka lake linali loona. Mpaka lero sindidziwa.

Galimoto ina sinapezeke. Ndinapempha ku ntchito, kwa amalonda a pa Boma, kwa abusa. Onse anandimvera chisoni, koma nkhani za magalimoto otenthedwa kutsidya zinali zitayamba kumveka, ndipo palibe amene akanapereka yake. Ndinayesa kuwoloka pa njinga kuti ndikangowaona, asilikali anandibweza. Akazi anga ankafunsa za ulendo tsiku lililonse, koma za injini sanafunsenso, ndipo ine ndinkadziyamikira kuti mbali imeneyo ndaitseka bwino. Anthu akafunsa za pikapu ndinkakweza mawu dala kuti amve ali kukhitchini, kuti inali galimoto yakale, inangotopa.

Mvula itayamba, anthu a kutsidya anayamba kuwoloka m'magulu, mitolo pamutu. Masana ena mwana wa achemwali anatulukira ndi ana ake, ndipo ndinadziwa asanakhale pansi. Anati amayi ake anamwalira mwezi wapitawo, ndipo anawaika mofulumira chifukwa mfuti zinkamveka kuseri kwa phiri. Anati masiku omaliza ankauza zidzukulu kuti zizisewera kumsewu, zikamva galimoto zidzanene.

Anansi anabwera kudzatikhazika, monga mwa mwambo, ngakhale panalibe mtembo. Atabalalika tsiku lotsatira ndinakakhala kuseri kwa nyumba. Akazi anga anabwera n'kukhala pafupi. Ndinayamba mawu anga aja, akuti galimotoyo inali yokalamba, koma anandigwira bondo.

"Basi, abambo. Ndinakafunsa amisiri a ku galaja sabata yomwe tinabwera ija. Anandiuza za mchenga."

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere miyezi yonseyi.

"Munali ndi zambiri zonyamula. Ndinaona kuti bodzalo likukuthandizani, ndiye ndinakusiyirani." Anachotsa dzanja pa bondo langa. "Koma lero ndiloleni ndiwalire alamu anga monga munthu amene akudziwa chimene anachita."

Ndinawasiya alire, ine ndili pambali pawo.